Mnzake wa 3 + 2i ndani?

Aphunzitsi anzanga, pali funso limene ophunzira masamu amakumana nalo kumapeto kwa sekondale kapena chaka choyamba ku koleji: gawani 4 + 7i ndi 3 + 2i. Ambiri amalikhoza. Amalemba mizere inayi, amapeza 2 + i, amatenga malikisi onse. Koma mumuyimitse wophunzira yemweyo pakhonde, mumuuze kuti afotokoze m'chiyankhulo chilichonse chimene akufuna chifukwa chimene anachulukitsira ndi 3 − 2i. Adzakuyankhani ndi liwu limodzi: conjugate. Wa ku Tete adzati conjugado. Mukafunsa tanthauzo la liwulo, adzati ndi mmene aphunzitsi ananenera.

Mwina wina wayamba kale kung'ung'udza kuti ife tinalembetsa maphunziro a kaphunzitsidwe ka chiyankhulo, za masamuzi zatilowa bwanji. Zatilowa chifukwa mwana uja kuwerengera akutha, chimene chamuthawa ndi chiganizo chokhala ndi mawu oti "chifukwa". Ziganizo zoterezi zimawumbidwa m'kalasi mwathu. Maganizo anga ndi akuti mwana amene sangathe kufotokoza njira ya masamu m'chiyankhulo chimene amalotera, njirayo wangoibwereka, ndipo adzaibweza tsiku lotsatira mayeso. Mphunzitsi wa masamu payekha sangathane nalo vutoli.

Tiyambe taona masamu akewo. Ndi ochepa, musathawe.

Jambulani mzere wopingasa pabolodi, ziro pakati. Kumanja kuli 1, 2, 3, kumanzere kuli −1, −2, −3. Nambala zonse zimene tinakula nazo zimakhala pamzerewu. Tsopano jambulani mzere wina woima, wodutsa pa ziro pomwepo. Kukwera kamodzi m'mwamba timakutcha i, kutsika kamodzi −i. Motero 3 + 2i ndi malo pabolodi: pitani katatu kumanja, kwerani kawiri. Nambala za mbali ziwiri zoterezi ndi zimene mabuku amati complex numbers. Lamulo lachilendo ndi limodzi lokha, lakuti i kuchulukitsa ndi i yankho lake ndi −1. Chilendo chakecho chimatha mukaona kuti kuchulukitsa ndi i ndi kutembenuza muvi. Muvi woloza kumanja ukautembenuza kamodzi umaloza m'mwamba. Ukautembenuzanso chimodzimodzi umaloza kumanzere, komwe kuli −1.

Kugawa ndi kufunsa funso: ndi nambala iti imene ndikaichulukitsa ndi 3 + 2i idzandipatsa 4 + 7i? Kugawa ndi nambala wamba, monga 13, tonse timatha. Chimene sitidziwa ndi kugawa ndi nambala ya mbali ziwiri. Ndiye nzeru yonse yagona pa kusandutsa nambala yapansi kuti ikhale nambala wamba. Chida chake ana amachidziwa kale. Auzeni achulukitse 21 ndi 19. Wochenjera adzaona kuti 21 ndi 20 + 1, ndipo 19 ndi 20 − 1, kotero yankho ndi 400 − 1, lomwe ndi 399. Zapakati zija, 20 wowonjezera ndi 20 wochotsera, zimadyana. Chitani zomwezo ndi 3 + 2i ndi 3 − 2i. Mupeza 9, kenako −6i ndi +6i zimene zimadyana, kenako −4 kuchulukitsa ndi i kawiri. Popeza i kawiri ndi −1, chigawo chomalizachi chimasanduka +4. Yankho ndi 9 + 4, kutanthauza 13. Chilembo i chasowa.

Koma simungachulukitse pansi pokha, chifukwa mukatero mwasintha funso. Theka ndi 1/2, ndiponso ndi 3/6, malinga ngati chimene mwachita pansi mwachitanso pamwamba. Choncho 4 + 7i nayenso timamuchulukitsa ndi 3 − 2i. Tipeza 12 − 8i + 21i + 14, zomwe pamodzi ndi 26 + 13i. Kugawa ndi 13 ndi masewera: 2 + i. Wokayika achulukitse 2 + i ndi 3 + 2i, adzabwerera pa 4 + 7i.

Bwererani m'ndime ziwirizi ndi pensulo, mudule mzere kunsi kwa mawu amene anyamula ganizo. Mupeza "kuti", "kotero", "popeza", "chifukwa", "malinga ngati", "choncho". Ndi alumikizi amene timaphunzitsa tsiku ndi tsiku. Tsopano tsegulani kope la wophunzira wa masamu. Mudzapeza aneni olamula okhaokha, ngati malangizo a pa botolo la mankhwala: sinthani chizindikiro, chulukitsani pamwamba ndi pansi, fupikitsani. Palibe mlumikizi ndi mmodzi yemwe. Mphunzitsi amene akuphunzitsa m'chiyankhulo chimene ana akuchimva mwapatalipatali amathawira ku malamulo afupiafupi, chifukwa lamulo ndi losavuta kukopera. Sindikumuimba mlandu. Silabasi ndi yaitali, kalasi ndi yodzaza.

Zolakwa zimene ana amachita pa funsoli zimaulula zimenezi. Wina amamva "sinthani chizindikiro" n'kusintha zizindikiro zonse ziwiri, kulemba −3 − 2i. Akachulukitsa amapeza −5 − 12i pansi, chilembo i chidakalipo, koma iye amangopitirira chifukwa palibe anamuuza kuti cholinga chinali kuchichotsa. Lamulo silinanene kuti chizindikiro chake chiti. Wina amalemba 9 − 4 n'kupeza 5 m'malo mwa 13. Winanso amagawa 4 ndi 3, 7 ndi 2, ngati akugawa ndiwo payokha nsima payokha. Onsewa kuchulukitsa amatha. Akanakhala ndi chiganizo chimodzi m'mutu, chakuti "ndikufuna kuti pansi patsale nambala wamba", woyambayo akanadzigwira yekha.

Ndipo si nkhani ya malikisi okha. Amisiri a magetsi amagwiritsa ntchito nambala zomwezi, kungoti amalemba j m'malo mwa i. Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi ku Zambia ndi 230 volts. Ngati chipangizo chili ndi impedance ya 3 + 4j, mphamvu yodutsa mu waya timaipeza pogawa 230 ndi 3 + 4j. Kuchulukitsa 3 + 4j ndi 3 − 4j kumapereka 25, kutanthauza kuti kukula kwa impedance ndi 5, ndipo mu waya mukudutsa ma amps 46. Woloweza amene wasokonezeka n'kungophatikiza 3 ndi 4 adzagawa ndi 7, adzapeza pafupifupi 33, ndipo adzasankha waya wochepa.

Ife a chiyankhulo tiyenera kudziwanso kuti nambalazi zinavutika ndi mayina kuyambira pachiyambi. Zinaonekera m'buku la Gerolamo Cardano lotchedwa Ars Magna mu 1545. Cardano anafunsa kuti 10 angagawidwe bwanji pawiri kuti zigawozo zikachulukitsidwa zipereke 40. Ndi nambala wamba sizitheka, chifukwa 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25, ndipo kuposa apo simungafike. Iye analemba 5 + √−15 ndi 5 − √−15. Kuphatikiza kumapereka 10, kuchulukitsa kumapereka 25 + 15. Taonani, nambalazi zinabadwa ziwiriziwiri, china ndi chinzake, ngati 3 + 2i ndi 3 − 2i. Cardano mwiniwake anaona kuti yankholo ndi lochenjera koma lopanda ntchito. Rafael Bombelli wa ku Bologna ndiye anayala malamulo ozichulukitsira mu 1572. Kenako mu 1637 René Descartes anazipatsa dzina lakuti imaginaire, kutanthauza zongoganizira, ndipo dzinalo linakanirira mpaka lero. Chilembo i chimene Leonhard Euler anayamba kulemba mu 1777 chikuchokera pomwepo. Mu 1831 Carl Friedrich Gauss anadandaula kuti mdima wonse wozungulira nambalazi unabwera ndi mayina oipa, ndipo anati zikanatchedwa nambala zam'mbali sipakanakhala chovuta.

Apa pali chenjezo kwa aliyense womasulira mabuku. Wina akapatsidwa ntchito yolemba mutuwu m'Chichewa, dzanja lidzathamangira kulemba "nambala zenizeni" ndi "nambala zongoganizira". Kumasulira kotereku n'kokhulupirika ku Chingelezi, koma kwa mwana n'kwachinyengo. Mwamuuza kuti theka la phunziroli ndi bodza, kenako mukumuuza kuti alilimbikire. Ife tilibe chifukwa chotengera chipsera cha eni ake. Tikhoza kutsata Gauss n'kunena kuti 3 + 2i ili ndi mbali yopingasa ndi mbali yoima, ndipo mwana adzaona pabolodi chimene tikunena.

Nanga conjugate? Liwuli linalowa m'masamu a nambalazi kudzera mwa Augustin-Louis Cauchy mu 1821, koma muzu wake ndi wa Chilatini: con ndi "pamodzi", iugum ndi goli. Ndi ng'ombe ziwiri zomangidwa pa goli limodzi. Aphunzitsi a Chingelezi, a Chifalansa ndi a Chipwitikizi liwuli mumalidziwa bwino kuposa a masamu, chifukwa ndi lomwe lija mumagwiritsa ntchito poyala mneni mmodzi m'maonekedwe ake onse. Anzathu a ku Mozambique ali ndi mwayi wina: m'Chipwitikizi cônjuge ndi mwamuna kapena mkazi wa pabanja, kotero mwana wa ku Angónia akalozeredwa ubalewu, conjugado sakhalanso mlendo. Anthu a ku China sanabwereke liwulo, anamasulira chithunzi chake: gòng'è ndi "goli limodzi". Aarabu anasankha njira ina, amati murāfiq, kutanthauza woperekeza, mnzako wa paulendo. Aliyense anafunafuna m'nyumba mwake.

Ifenso tingafunefune. "Goli" alipo, ndipo mwana wa kumudzi kumene amalima ndi ng'ombe adzamva msanga. Komabe ine sindilikonda pano. M'makutu mwa ambiri a ife goli ndi mtengo wa mphanda umene unkamangidwa m'khosi mwa akapolo pa njira ya ku Nkhotakota, ndipo liwuli limabwera ndi kulemera kumene phunziroli silikufuna. Chinanso, ng'ombe za pa goli zimaloza kumodzi, pamene 2i ndi −2i zimafulatirana. "Mapasa" ndi liwu lokoma, koma limauza mwana kuti nambala ziwirizi n'zofanana, pamene ife tikufuna aone posiyana pake.

Ine ndingayese "mnzake wa m'madzi". Imani m'mbali mwa dziwe lodekha, muyang'ane mtengo wa kutsidya. Chithunzithunzi chake m'madzi sichisunthira kumanja kapena kumanzere, chimangozondoka: nsonga imene ili m'mwamba imaoneka pansi. Mzere wopingasa uja ndiwo pamwamba pa madzi. Ngati 3 + 2i ili katatu kumanja ndi kawiri m'mwamba, mnzake ali katatu kumanja komweko ndi kawiri pansi. Mwana amene wagwira chithunzichi sangasinthe chizindikiro cha 3, chifukwa mtengo sudumpha dziwe. Dzina labwino liyeneranso kupirira mafunso ovuta. Mnzake wa 3 − 2i ndani? Ndi 3 + 2i, ubwenzi wake ndi wobwezerana, monga mneni wa msintho wochitirana: akondana, athandizana. Nanga mnzake wa 5? Nambala 5 yagona pamwamba pa madzi penipeni, ndiye mnzake ndi iyo yomwe. Dzinali lapirira.

Lili ndi polekezera pake. Ana a sekondale amayamba kumva conjugate pa ma surd, pamene akuchotsa √3 pansi pa 1/(2 + √3). Amachulukitsa ndi 2 − √3, pansi pamatsala 4 − 3, ndipo yankho ndi 2 − √3. Nzeru yake ndi yomweyo ya 21 ndi 19, koma kuno kulibe dziwe, nambala zonse ziwiri zili pamzere wopingasa. Apa "mnzake" yekha akukwana. Onaninso kuti kuno timachotsera, 4 − 3, pamene kuja tinaphatikiza, 9 + 4. Mwana wolemba 9 − 4 uja wangotenga nyimbo ya ma surd n'kukaiimba pa maliro a eni. Womufunsa kuti "bwanji kuno tachotsera koma kuja taphatikiza?" wamupatsa phunziro la masamu ndi la chiyankhulo nthawi imodzi.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo ina ndi yolemera ndithu. Mayeso adzabwerabe m'Chingelezi kapena m'Chipwitikizi. Mwana wa ku Chipata akapita kukaphunzira ku Lusaka kapena ku Johannesburg, palibe adzamufunse za mnzake wa m'madzi. Mbiri ya nambala zomwezi ili ndi chitsanzo chowawa. Munthu woyamba kufotokoza bwino chithunzi cha mizere iwiri chija anali Caspar Wessel, woyeza malo wa ku Norway. Ntchito yake inasindikizidwa mu 1799 m'chiyankhulo cha ku Denmark, ndipo akatswiri a maiko ena sanaidziwe kufikira pamene inatuluka m'Chifalansa mu 1897. Zaka pafupifupi 100 nzeru ili m'kabati chifukwa cha chiyankhulo. Amene amaopa kutsekera ana athu m'khola laling'ono sakulota.

N'chifukwa chake sindikunena kuti tichotse conjugate. Liwulo likhale, mwana alilembe, alitchule, alizindikire pa pepala la mayeso. Chichewa sichinaopepo kubwereka: nambala, sukulu, fulakishoni, ndipo pamsika ambiri timawerenga ndalama m'Chingelezi, a ku Tete m'Chipwitikizi. Koma liwu lobwereka limafika lili thumba lopanda kanthu. "Sukulu" anadzaza chifukwa mwana amapitako m'mawa uliwonse. Conjugate sadzadzaza yekha, pokhapokha wina athiremo tanthauzo, ndipo tanthauzo limathiridwa ndi ziganizo za m'chiyankhulo chimene mwana amaganizira. Wessel anavutika pofalitsa zimene anapeza. Kuganiza kwake anaganiza bwinobwino m'chiyankhulo cha kwawo. Mwana wathu timamufuna achite zonse ziwiri, ndipo kuganiza ndiko kumayamba.

Ena adzati mawu a masamu ndi ntchito ya mabungwe, osati ya mphunzitsi wa m'kalasi. Zoona, ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene inakhazikitsidwa mu 1996 ndipo inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ku Zambia Chinyanja ndi chimodzi mwa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'sukulu. Ku Mozambique maphunziro a ziyankhulo ziwiri anayamba mu 2003, ndipo malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Koma chidwi cha ndondomeko zoterezi chimakhala kwambiri pa makalasi oyambirira. Mwana akamakwera, chiyankhulo chake chimatsala pa chipata, ndipo iye amatolapo phunziro limene palibe analemba pabolodi: lakuti Chichewa ndi cha nthano ndi miyambi, zinthu zozama zili ndi eni ake. Tikadikira kuti komiti idzakhale pansi n'kupanga liwu la conjugate, tidzadikira mpaka tsitsi kuyera. Ndipo komiti ikadzakhaladi pansi, idzasankha bwino ngati aphunzitsi a ku Dedza, ku Katete ndi ku Ulongué adzakhale atayesa kale mawu angapo pa ana enieni n'kuona amene akugwira.

Mfundo yakuti ntchito yatichulukira kale ndikuimva. Koma sindikupempha phunziro latsopano pa ndandanda. Timalembetsa ana chimangirizo chaka chonse: ulendo wanga wa ku nyanja, tsiku limene sindidzaiwala, kalata yopempha ntchito. Pa mitu yonseyo, umodzi ukhale wakuti afotokoze njira imodzi ya masamu kwa mng'ono wawo amene anajomba tsikulo. Lamulo likhale lakuti mneni wolamula aliyense atsatidwe ndi chifukwa chake. Akalemba "chulukitsa pamwamba ndi pansi", alembenso kuti n'chifukwa chiyani pamwambanso. Alembe m'Chichewa kaye, kapena m'Chitumbuka, m'Chishona, m'Chibemba, kenako atembenuzire m'chiyankhulo cha mayeso. Pomasulira m'pamene mudzaone mawu amene akusowa, ndipo amenewo ndiwo phunziro lanu la mawa.

Mphunzitsi wa ku pulayimale asaganize kuti zamupitirira. Ana ake sadzaona i chaka chino, koma 1/2 ndi 3/6 akuziona, ndipo amene angalembe ziganizo zitatu zofotokoza chifukwa chake ziwirizi n'zofanana wagwira kale theka la funso la 4 + 7i. A makalasi apamwamba angafotokoze 21 ndi 19.

Pochonga, mphunzitsi wa masamu muitaneni, mukhale pa tebulo limodzi ndi makope khumi okha. Iye aone ngati ganizo lili loona, inu muone ngati chiganizo chikulinyamula. Mudzakangana pa mwana amene walemba kuti −6i ndi +6i "zimaphana", wina "zimadyana", wina "zimafufutana". Musathamangire kusankha limodzi. Afunseni anawo kuti zikadyana patsala chiyani, ndipo amene ayankhe kuti ziro, liwu lake lisiyeni momwemo.